Shuga wa m'tiyi amapita kuti? Mmene ndimafotokozera adzukulu anga

Moyo wanga wapantchito unathera pa sikelo. Ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, woyeza masamba amene anthu athyola n'kulemba makilogalamu m'buku. Ntchito imeneyi imakusiyira khalidwe limene silichoka ngakhale utapuma: sukhulupirira kuti chinthu chingangosowa. Masamba akalemera bwino kumunda n'kukafika kufakitale akuperewera, ndiye kuti ena atayika m'njira, kapena madzi a mvula amene anali pamasambawo adontha. Penapake zapita, ndipo ukafufuza upeza.

N'chifukwa chake sindikondwa mwana akafunsa kuti shuga wapita kuti, munthu wamkulu n'kungoti, "Wasungunuka, imwa tiyi wakoyo asanazizire." Tchuthi chapitachi mdzukulu wanga wamkazi wa sitandade 2 anafunsa funso limeneli, ndipo mlongo wake wa sitandade 4 anamuyankha molimba mtima kuti shugayo watha, wasanduka madzi. Ana ambiri amaganiza chomwecho, ndipo sangaimbidwe mlandu, poti maso awo akuwauza zimenezo. Ine ndinakabwereka kasikelo ka batire kwa mwana wanga amene amaphika mandasi ogulitsa pa Chitakale.

Tinaika tambula pa sikelo, kuthiramo madzi, kuikamonso sipuni. Zonse pamodzi zinakwana magalamu 400. Pambali tinayeza shuga wa magalamu 20, omwe ndi masipuni aang'ono ngati asanu. Ndisanathire ndinawafunsa kuti shuga akasowa m'madzimo sikelo inena chiyani. Mnyamata uja anati ibwerera pa 400, poti shuga watha. Kamtsikana kanangoti, "Kaya, agogo." Tinathira, kutakasa mpaka madzi anayera mbee, osaonekamo kambulu n'kamodzi komwe. Sikelo inali pa 420. Anatakasanso mwamphamvu poganiza kuti nambala itsika, koma inakhala pomwepo. Kenaka ndinawauza alawe, wina ndi sipuni ya pamwamba, wina ya pansi. Konse kunali kotsekemera mofanana.

Makolo anzanga, ngati palibe sikelo, lilime lokha limakwanira kwa mwana wamng'ono. Koma ikapezeka ibwerekeni, chifukwa mwana amene waona nambala ndi maso ake sudzamuuzanso kuti shuga watha.

Funso lotsatira ndi lovutirapo: ngati alimo, bwanji sakuoneka? Apa ndimawauza kuti kambulu ka shuga kamene timakaona si chinthu chimodzi. Ndi tizidutswa tambirimbiri tomatirirana, tating'ono moti ngakhale makina oonera tizilombo a kuchipatala sangationetse. Madzi nawonso ndi tizidutswa totere, koma twa madzi sitikhala malo amodzi, timangoyendayenda. Tikafika pa kambulu ka shuga timagwira kachidutswa ka m'mphepete, kukazungulira, n'kupita nako. Tina timabwera kudzatenga kotsatira. Pamapeto pake kambulu konse kamwazikana m'tambula monse, kachidutswa kalikonse pakokha, ndipo diso silingakaone.

Kufotokoza pakamwa ana amayasamula, ndiye ndinaitana anzawo a m'mudzi tikasewere pabwalo. Ena ndinawaimika m'mizere mothinana, atagwirana manja, n'kuwauza kuti iwowo ndi mchere. Otsalawo anali madzi, ntchito yawo kuthamangathamanga. Lamulo linali limodzi: ana awiri a madzi akagwira mwana wa mchere amene ali kunja kwa mzere, iyeyo asiye anzake apite nawo, ndipo asamusiyenso. Wapakati saloledwa kumugwira mpaka akunja atachoka. Phokoso lake anganga awo anachita kutuluka m'khitchini kudzaona ngati kwagwa zina, koma sewero limeneli linandiyankhira mafunso angapo nthawi imodzi. Nditawauza a madzi kuti ayende pang'onopang'ono ngati kuli chiperoni, mulu unachedwa kutha. Nditati athamange, unatha msanga. Madzi otentha amatero, tizidutswa take timathamanga kwambiri ndipo timagunda mbulu pafupipafupi. Nditagawa mulu uja m'timagulu ta ana atatuatatu, aliyense anapezeka ali kunja, ndipo anatengedwa m'kanthawi kochepa. Ndinawafunsa chifukwa chake anganga awo amasinja mchere wamiyalamiyala wa pamsika asanauike patebulo, ndipo anayankha okha. Kutakasa nako n'chimodzimodzi: sipuni imachotsa madzi amene atenga kale katundu pafupi ndi mbulu, n'kubweretsa ena opanda kanthu.

Pomaliza ndinachulutsa ana a mchere, a madzi n'kuchepa. Patapita kanthawi aliyense wa madzi anali atagwira kale mnzake, ndipo atsikana awiri anangotsala chiimire pakati pa bwalo, wowatenga palibe. Kamdzukulu kanga kanafuula kuti, "Agogo, madzi akhuta!" Sindinawonjezerepo kanthu, poti zimene zimachitika n'zomwezo.

Madzi amakhutadi, koma amakhuta mosiyana malinga ndi chimene ukuwapatsa. Lita imodzi ya madzi wamba, osatentha, imasungunula mchere wa magalamu pafupifupi 360 basi. Ukawonjezera pamenepo, takasa mpaka mkono uwawe, wotsalayo akhala pansi. Ukawiritsa madziwo sipasintha zambiri, amangofika cha pa magalamu 390. Koma shuga ndi nkhani ina. Lita yomweyo imatenga makilogalamu 2 a shuga, mapaketi awiri athunthu, ndipo madzi akakhala owira amatenga kupitirira makilogalamu 4. Izi sitinayese ndi lita yonse, shuga wakwera mtengo masiku ano ndipo anganga awo sakanalola. Tinagwiritsa ntchito timadzi tochepa m'makapu awiri, kuthira sipuni ya mchere uku, sipuni ya shuga uko, ana akuwerenga. Mchere unayamba kutsalira pansi msanga pomwe shuga ankangolowabe, madzi ake n'kuyamba kulemera ndi kumata. Ndinapezerapo mwayi wodzudzula mnyamata uja, amene amaunjika shuga m'kapu n'kumwa osatakasa, kenaka shuga yense n'kukathera m'beseni la mbale. Kwa iyeyo vuto si madzi kukhuta, ndi ulesi wa dzanja.

Akuluakulu amene mukufuna kudziwa zambiri, kachidutswa ka madzi kaja asayansi amakatcha molekyu, ndipo kali ndi mbali ziwiri zosiyana mphamvu, ngati mmene batire lilili ndi mbali ya pulasi ndi ya mainasi. Mchere ukalowa m'madzi umagawika pawiri, sodiyamu ndi kolorayidi, ndipo mbali imodzi ya madzi imakoka sodiyamu, inayo kolorayidi. Shuga sagawika choncho, molekyu yake imachoka yathunthu, madzi atangoizungulira. Mafuta ophikira alibe poti madzi angagwire, n'chifukwa chake ngakhale uwakhutchumule bwanji m'botolo, ukasiya amabwerera pamwamba. Sopo ndiye mkhalapakati: molekyu yake mbali ina imagwira mafuta, ina imagwira madzi, ndiye mbale ya mafuta imayera. Zimenezi ana a sitandade 2 musawavutitse nazo. Apatseni botolo, madzi ndi mafuta pang'ono, akhutchumule, aone, kenaka muthiremo sopo.

Pali zinthu zina zonamiza maso. Ufa ndi chimodzi. Ukauthira m'madzi ozizira n'kutakasa, madzi amachita mbuu ndipo mwana amati wasungunuka. Musatsutsane naye, ikani kapuyo pawindo mupite kukachita zina. Mukabwerako mupeza ufa wakhazikika pansi, madzi ali pamwamba. Thobwa timalikhutchumula tisanamwe pa chifukwa chomwechi. Madzi a mu Ruo nthawi ya dzinja amafiira ndi dothi, koma ukawatunga m'ndowa n'kuwasiya, matope amatsika. Madzi a mchere uwasiye mpaka mawa, mcherewo sutsika, ndipo uwasefe pa nsalu yothina bwanji, umadutsa limodzi ndi madzi. Ndimauza adzukulu kuti ayese zinthu ziwiri akafuna kudziwa ngati chinthu chasungunukadi: achisiye chikhale, komanso achisefe. Chikatsika kapena chikatsalira pansalu, chinangoyandama.

Pa nkhani yosefayi mphunzitsi weniweni ndi anganga awo, ngakhale iwo amaseka ndikanena choncho. Akafuna kuphika thelele safuna soda wogula, amakonza chidulo. Amatenga phulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba, kuliika m'chitini chobowola pansi, kuthira madzi pamwamba, ndipo madziwo amadontha pang'onopang'ono m'mbale. Ndinawakhazika ana pansi kuti aonerere. Phulusa lathiridwa madzi koma likadali m'chitini, silinapite kulikonse. Komabe madzi otuluka pansi si aja analowa pamwamba: asintha mtundu, ukawagwira amaterera m'zala, ndipo amafewetsa ndiwo. Ndiye kuti m'phulusa muli zinthu za mitundu iwiri, zina zimene madzi amatha kunyamula ndi zina zimene sangathe. Madzi asankha zawo n'kusiya zotsalazo. Makolo athu ankachita zimenezi kalekale sukulu zisanabwere, ndipo ine ndimaona kuti mphunzitsi wa sayansi amene akudandaula zosowa zipangizo, chitini chobowola ali nacho kunyumba kwake.

Tiyi amene tazunguliridwa naye kuno kuyambira m'ma 1890 amachitanso chimodzimodzi. Masamba sasungunuka, timawataya pa sefa. Chimene chimalowa m'madzi ndi mtundu, fungo, kuwawira kuja, ndi kafeini amene amachotsa tulo. Kufakitale masamba amawafotetsa, makina n'kuwadula tizidutswatizidutswa, kuwasiya asinthe mtundu kuchoka kobiriwira kupita kofiirira, kenaka kuwaumitsa ndi mpweya wotentha. Kudula kumeneko kumathandizanso kuti tiyi azituluka msanga m'ketulo, monga mchere wosinja uja. Tinaika masamba ofanana m'matambula awiri, ina ya madzi a pampopi, ina ya madzi owira. Ya madzi owira inafiira nthawi yomweyo, inayo inatenga nthawi yaitali kuti ionetseko mtundu. Madzi otenthawo muzithira nokha akuluakulu, ana aziona ali pataliko.

Ife Alhomwe tili ndi chitsanzo china chimene ana athu amachidziwa, kalongonda. Amene munapitako ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe munamudya. Kalongonda saphikidwa ngati nyemba wamba. Amamuwiritsa nthawi yaitali, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, ndipo wophika mothamanga amadwalitsa anthu, mutu kuzungulira ndi kusanza. Muli chinthu m'nyembazo chimene chimavulaza chikachuluka, koma mwayi wake n'chakuti chimasungunuka m'madzi. Madzi akuda amene amatayidwa aja ndi amene achinyamula. Chinangwa chowawa timachiviika masiku angapo pa chifukwa chofanana. Pano madzi tikuwatuma kuti achotse choipa m'chakudya, ndipo madziwo tikatha sitimwa.

Mnyamata uja anafunsa ngati n'zotheka kubweza mchere umene wasungunuka. Tinasungunula mchere wambiri m'timadzi tochepa, kuthira pa mbale yachitsulo yakuda, n'kuika padenga la khola pomwe nkhuku sizifika. Mulanje ndi Mulanje, tsiku lomwelo kunagwa chiperoni, phiri lonse osaoneka, ndipo ana anakhumudwa poona madzi ali chikhalire. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa litabwerera madzi anauma, pambale panatsala mchere woyera, ndipo poyang'anitsitsa timibulu tina tinali ta makona anayi, tooneka bwino kuposa mchere umene tinathira. Madzi amakwera m'mwamba ngati nthunzi koma mchere sangapite nawo. Shuga amene timagula amapangidwanso motere. Mu nzimbe za ku Nchalo shuga amakhala wosungunuka kale m'madzi a nzimbeyo, ndipo kufakitale amafinya, kuwiritsa madziwo mpaka atachepa kwambiri, shuga n'kuyamba kupanga timibulu.

Zomwe zinachitika pambale paja zimachitikanso pa nyanja ya Chilwa. Mvula ikagwa m'phiri muno madzi amadutsa m'miyala ndi m'dothi, n'kumatenga timchere pang'onopang'ono, tochepa moti ukamwa madzi a mu Likhubula sungamve kanthu. Mitsinje ina, monga Phalombe, imakathira mu Chilwa, ndipo nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka m'nyanjamo pouma ndi dzuwa, ndiye mchere umatsala chaka ndi chaka. N'chifukwa chake madzi a ku Chilwa ndi amchere pomwe a nyanja ya Malawi, imene imatulutsa madzi ake mu Shire, ndi abwinobwino. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995. Nyanja zikuluzikulu za mchere, monga ya kwa anansi athu ku Mozambique, zili ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse. Tinayeza magalamu 35 kuthira mu lita ya madzi kuti ana alawe nyanja imene sanaionepo. Analavula onse awiri.

Chifukwa chachikulu chimene ndimalimbikira phunziro limeneli ndi china. Mwana akadziwa kuti madzi oyera mbee angathe kukhala ndi shuga wambiri osaoneka, savuta kumvetsa kuti angathenso kukhala ndi zoipa osaoneka. Feteleza wa Urea amasungunuka msanga kwambiri, ndipo mvula ya kuno ikamupeza pamtunda imapita naye kumtsinje. Mankhwala opopera mbewu nawonso ena saonetsa mtundu m'madzi. Tizilombo ta kolera sitisungunuka, ndi tamoyo, timangoyandama, koma ndi tating'ono moti madzi amaoneka bwinobwino tili momwemo. Tonse tikukumbuka 2022 ndi 2023, pamene kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula zimbudzi ndi kuwononga zitsime ndi mipopi kuno kwathu. Masiku amenewo alangizi a zaumoyo ankayenda ndi kolorini m'midzi, n'kumatiuza kuti tikathira tidikire mphindi 30 tisanamwe. Ana ena ankakana madziwo chifukwa cha fungo, n'kumakatunga a pakasupe poti ndi oyera. Lamulo la pakhomo panga ndi lakuti pa masewero athuwa timalawa zokhazo zimene zachokera m'khitchini, ndipo agogo kapena anganga avomereze kaye. Botolo lopezeka kumunda kapena kuseri kwa nkhokwe, ngakhale muoneke madzi, salawa.

Thanzi ORS amene amatipatsa kuchipatala mwana akatsegula m'mimba ndi shuga ndi mchere zosungunula m'madzi. Paketi imodzi imapita mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo tsiku likatha otsalawo timataya n'kukonza ena. Shugayo sanaikemo kuti azikoma. Amathandiza matumbo kuyamwa mchere, ndipo mchere ukamalowa m'thupi madzi amatsatira. Paketi ikasowa usiku, njira yapakhomo ndi masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, masipuni ake osasefukira, uku mukukonzeka kupita kuchipatala. Ndaonapo anthu akuthira paketi yonse m'kapu imodzi kuti mankhwala akhale amphamvu. Kumeneko n'kumuwonjezera mwana vuto, chifukwa mchere ukachuluka umamuvulaza. Adzukulu anga ndinawaphunzitsa kuyeza lita ndi mabotolo awiri a theka la lita, ndi kutakasa mpaka pansi pasatsale kanthu.

Chimene chinawadabwitsa kwambiri si shuga kapena mchere, koma mpweya. Ndinawauza kuti mpweya nawo umasungunuka m'madzi, ndipo onse anati agogo mukunama. Ndinawafunsa kuti nanga matemba amapuma chiyani, poti satuluka m'madzi. Nsomba zimatenga okosijeni amene wasungunuka m'madzimo. Mukaika poto wa madzi pamoto, asanawire mumaona timathovu tating'ono tikumatirira m'mbali mwa poto, ndipo umenewo ndi mpweya umene unali m'madzi ukutuluka. Apa mpweya umasiyana ndi shuga: shuga amalowa wambiri madzi akatentha, mpweya umathawa. Alimi a nsomba za m'maiwe amadziwa kuti nyengo yotentha, makamaka m'mamawa, nsomba zimabwera pamwamba kudzayasama madzi akachepa mpweya.

Mu Fanta muli mpweya wa kaboni dayokisaidi umene anaukanikizira m'botolo kufakitale. Chitsekerero chikadali chotseka suoneka, ukangotsegula umayamba kutuluka. Tinagula mabotolo awiri pagolosale, limodzi la m'firiji, linalo tinalisiya padzuwa pakhonde. La m'firiji linangoti tsii pang'ono. La padzuwa linafufuma thovu mpaka kutayikira m'manja mwa mnyamata uja, ndipo pomwa linali litazilala, kutsekemera kokhakokha. Kuyambira pamenepo akhala akundibweretsera mafunso ambiri a sayansi, koma ndaona kuti pafupifupi onse amafuna kuti tigule Fanta kaye. Ndawauza kuti ulendo wotsatira tidzayesa choko, mchenga wa mu Lichenya ndi sopo wa ufa, zimene sizifuna ndalama.